Amayi Amene Anatuluka M'chipinda cha Bodi

Abale, anansi, akumpingo ndi anzathu a kuntchito, banja landipempha kuti ndiwerenge mbiri ya amayi athu amene tikuwaperekeza lero. Ine ndinali mlembi wa bodi imene iwo ankaitsogolera. Zonse zimene ndiwerenge pano tazitsimikiza ndi abale, ndipo pamene sitinagwirizane pa chaka, tasiya osalemba.

Malemu, amene kuntchito tinkawatcha Amayi a Ndondomeko, anabadwa pa 14 Malichi 1956 m'nyumba ya zipinda ziwiri ya ogwira ntchito ku njanji, kuseri kwa siteshoni. Bambo awo ankapatutsa sitima pa mphambano ya njanji, mayi awo ankasoka zovala pakhonde. Malemu anali oyamba kubadwa m'banja la ana anayi. Womaliza anali mlongo wawo wamwamuna, wobadwa mu 1969, amene mpaka lero pabanja amangotchedwa a Mzime.

Anayamba sukulu mu 1962, napita ku sekondale yogonera konko mu 1970. Mu 1974 anasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira za chuma. Chaka chotsatira mayi awo anamwalira, ndipo malemu anaimitsa maphunziro kwa chaka chathunthu kuti alere a Mzime, amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndi iwo amene anawagwira dzanja kupita nawo ku sukulu tsiku loyamba, ndi iwonso amene ankakhala pampando wa khitchini kumvetsera mwanayo akuloweza zokanena m'kalasi. Digiri yoyamba anaimaliza mu 1979, yachiwiri anakaitenga kunja mu 1987.

Mu 1981 anamanga banja ndi bambo amene ankagwira ntchito yoyeza malo. M'nyumba yatsopano analowamo atatu, pakuti malemu ananeneratu kuti wowafuna iwo atenge ndi a Mzime omwe. Mu 1984 anadalitsidwa ndi mwana wamkazi. Bambowo anali munthu wanthabwala. Ankauza alendo kuti m'nyumba mwawo ngakhale kugula nsalu ya pazenera kumafunika wopereka ganizo, wovomereza, kenaka voti, ndipo iwo voti ankaluza nthawi zonse. Anatisiya mu Ogasiti 2009.

Ntchito anaiyamba mu 1979 ku ofesi ya boma yoona za makopaletivi. Mu 1991 analowa bungwe lopereka mpamba waung'ono kwa amayi a m'misika ndi alimi, limene linkagwira ntchito m'maiko khumi ndi anayi. Mu 1998 anakwezedwa kukhala mkulu wa chigawo, mu 2003 anasankhidwa kulowa m'bodi yoyang'anira bungwe lonse, ndipo mu 2007 anakhala wapampando wake. Kuyambira pamenepo sutikesi yawo sinkabwereranso pamwamba pa wodilopu. Inkangokhala kuseri kwa chitseko, nsapato zakuda ndi juzi zili kale momwemo. Mizinda yambiri anaiona kudzera pa zenera la galimoto yochokera ku bwalo la ndege kupita ku hotelo. Madzulo anzawo akamapita kokadya ndi akuluakulu a nthambi, iwo ankadyera m'chipinda, ponena kuti amene ukamufunse mafunso ovuta mawa usamudyere mbale imodzi lero.

Mu 2004 malemu analemba lamulo limene bungwe likulitsatirabe. Anali ataona bungwe lina likugwa chifukwa wapampando wake anadzaza maofesi ndi alamu ndi ana a alongo ake. Lamulolo linati membala wa bodi amene nkhani ikukhudza m'bale wake asawerenge mapepala ake, asaikambe kunyumba, ndipo atuluke m'chipinda nkhaniyo isanayambe. Tsiku limene lamulolo linavomerezedwa anauza bodi kuti iwo ali ndi mlongo wawo m'bungwemo. A Mzime anali atalowa ntchito mu 1996, akuyendera magulu a amayi pa njinga yamoto, ndipo mu 2001 anatsegula nthambi ya kumapiri, imene inakula mpaka kukhala ndi antchito makumi anayi.

Mu 2011 opereka thandizo awiri anachoka, ndipo bodi inayenera kusankha ngati nthambi ya kumapiri itsekedwe. A Mzime anaitanidwa ku msonkhano wa bodi kunja kwa dziko kuti akailankhulire. Lamlungu lomaliza ulendo usanachitike anafika kunyumba kwa malemu masana, mapepala ali m'manja, napempha kuti ayeserere zokanenazo pamaso pawo monga ankachitira ali mwana. Malemu anaika ketulo pamoto, nawauza kuti akambe za denga lodontha, za ana, za china chilichonse, koma osati zimenezo. A Mzime anamwa tiyi theka, natsanzika. Ndege anakwera imodzi, koma anakhala mizere yosiyana.

Msonkhano unachitika pa 17 Novembala 2011, m'chipinda cha hotelo chopanda mazenera, chokhala ndi tebulo lalitali, mabotolo a madzi ndi zomvera za m'makutu za omasulira. Mamembala anali asanu ndi anayi. Nkhani ya nthambiyo itafika, wachiwiri kwa wapampando, bambo wachikulire amene kale ankagwira ku banki, anauza malemu kuti angathe kungokhala chete pampando wawo osaponya voti, palibe angadandaule. Malemu anayankha kuti wapampando ngakhale atseke pakamwa, anthu amayamba amuyang'ana kumaso asanakweze dzanja. Anatenga chikwama chawo nanyamuka. Pakhomo anakumana ndi a Mzime akulowa, ndipo anawagwirira chitseko.

Anakakhala pampando wa mukolido, pafupi ndi kangolo ka makapu omwera kale. Wokolopa anadutsa ndi makina opopa fumbi nawapempha kuti akweze miyendo, iwo anakweza. Mkati mavoti anafanana, anayi kwa anayi. Malamulo amapatsa wotsogolera zokambirana voti yachiwiri zikatere, ndipo voti imeneyo, imene tsiku lina lililonse ikanakhala ya malemu, inali m'manja mwa wachiwiri wawo. Iye anati nthambi itsekedwe. Titawaitana, malemu anakhala pansi, navala magalasi, napitirira ku mfundo yotsatira osafunsa kanthu. Zotsatira anazimva pamodzi ndi ena onse, pamene ziganizo za tsikulo zinkawerengedwa pomaliza.

Nthambi inatsekedwa mu Malichi 2012. A Mzime anatsegula sitolo ya zipangizo zomangira. Sipanakhale mkangano, ndipo palibe wa pabanja amene anamva mawu okweza. Pa maukwati ndi pa maliro ankapatsana moni, koma a Mzime anasiya kunena kuti achemwali. Ankati, moni Amayi Wapampando, atavula chipewa, monga amachitira munthu kwa bwana wa kampani ina. Malemu sanadandaulepo kwa wina aliyense.

Mu 2015 malemu anamaliza matemu awo awiri a upampando. Bodi inawapempha kuti akhale mlangizi wapadera, koma anakana, chifukwa malire a matemu analinso ganizo lawo, ndipo anati wapampando watsopano sangakhale bwino pampando wakale akutsokomola pambali. Kiyi wa ofesi anabweza tsiku lomwelo. Foni imene inkalira m'zilankhulo zitatu inakhala chete mwezi usanathe. Mwana wawo anali atakhazikika kunja ndi banja lake. M'nyumba ya zipinda zinayi malemu ankagwiritsa ntchito ziwiri, ndipo pa thandala loumitsira ziwiya pankakhala mbale imodzi, kapu imodzi ndi supuni. Nthawi zina ankayendetsa galimoto kudutsa mzinda wonse kukagula misomali ku sitolo ya a Mzime, ngakhale kuti panalibe chokhomera. Kawirikawiri ankawagulitsa ndi mlamu wawo, eni ake ali kuseri akupanga za simenti.

Ku tchalitchi analowa ali mtsikana, nabatizidwa mu 1968. Ankaimba m'kwaya mpaka maulendo atachuluka, ndipo pambuyo pake ankakhala benchi yomaliza, pafupi ndi khomo. Atapuma ntchito akulu a mpingo anafuna kuwaika m'komiti ya chitukuko, koma iwo anapempha kuti akhale m'gulu loyendera odwala. Anzawo a m'gululo akuti sankadziwa kucheza nkhani zambiri. Ankafika, kusesa, kusintha nsalu za pabedi, kenaka kukhala chete pambali pa wodwala mpaka agone.

Mu 2021 madokotala anawapeza ndi matenda a impso, ndipo anayamba kupita ku makina osefa magazi. Ankapita okha pa takisi. Anamwino atafunsa za m'bale wapafupi woti azimuimbira zikavuta, anatchula mwana wawo wa kunja. Atauzidwa kuti pakufunika wa mumzinda momwemo, anati alipo, koma sanamupemphe chilolezo. Pa 22 Meyi 2023 anagonekedwa m'chipatala, ndipo mwana wawo, asanapeze ndege, anaimbira amalume ake.

A Mzime anafika m'chipatala Lachinayi, pa 1 Juni. Zimene zinakambidwa atiuza ndi iwo eni, ndipo atilola kuziwerenga. Poyamba a Mzime anakamba za mitengo ya malata ndi za bondo lawo limene likuwavuta. Kenaka anati: "Voti yanu sindinkaifuna, achemwali. Ndinkangofuna nkhope imodzi yoti ndiziyang'ana polankhula."

Malemu anayankha kuti: "Ndinali kuseri kwa chitseko, iwe. Mawu ako ndinkawamva, koma zimene unkanena sindinazimve."

A Mzime anafunsa ngati, zitabwereranso, malemu akanakhala m'chipindamo. Malemu anati ayi, akanatulukanso. Kenaka anawapempha kuti awauze tsopano zimene ananena tsiku lija, popeza sakhalanso m'bodi ya wina aliyense. A Mzime anati zambiri anaiwala, akazikumbukire kunyumba, abweranso Lamlungu. Malemu anati adikira. Anamwalira Loweruka m'mawa, pa 3 Juni 2023, namwino ali pambali pawo. Anali ndi zaka 67.

Dzulo, pamene tinkakonza mbiriyi, ena mwa abale anati chaka cha 2011 tichidumphe, pamanda si pokumbira zakale. A Mzime anakana. Anati munthu amene sanadumphepo mfundo pa moyo wake wonse tisamudumphire chaka. Anapemphanso kuti tikonze malo amodzi m'ndime yomaliza, ndipo takonza monga ananenera.

Malemu asiya ana awiri: mwana wamkazi, amene wafika ndi amuna ake, ndi a Mzime, amene pobadwa ndi mlongo wawo koma apempha kuti awerengedwe pa ana. Asiyanso adzukulu asanu, awiri a kwa mwana wamkazi ndi atatu a kwa a Mzime, mng'ono wawo mmodzi wamkazi, alamu atatu, ndi azakhali awo amene alephera kufika chifukwa cha ukalamba.

Ambuye awalandire amayi athuwa, ndipo agone mu mtendere.