Suti Imene Nyanja Inasiya

— Halo?

— Halo, amalume a Bizwick? Ndine Lusizi, kuno ku Zomba.

— Lusizi wa malemu Janet? Dokotala wathu wosabaya jekeseni uja?

— Yemweyo. Mwe uli?

— Nde umampha. Koma Chitonga chakocho chisiye, chikumveka ngati ukutafuna chinangwa chosaviika. Tiyankhule Chichewa chanu chomwecho. Kwacha bwanji kumeneko?

— Kwacha bwino. Anti Agatha ali bwanji?

— Alipo, ali kalikiliki ndi tenti apa.

— Ikudonthabe?

— Mbali yogona ine yokha, ngati inachita kutumidwa. Nanga amuna ako? Ana?

— Onse ali bwino. Amalume, mawu akudukaduka. Muli pati?

— Dikira ndikwere pachulu. Eya, yankhula, netiweki ya ku Tukombo imakhala pano.

— Mukukumbukira pepala ndinalemba lija? La inu mabanja amene nyanja itasefukira inakugwetserani nyumba?

— Lija unkatifunsa mafunso ngati wapolisi?

— Lomwelo. Layenda, amalume. Ophunzira a ku Kenya, a ku Norway, onse akulitchula.

— Akulitchula bwanji?

— Akamalemba zawo amati, monga ananenera Lusizi.

— Ndiye akatero kumagwa lata?

— Ayi, sikuti...

— Ngakhale msomali?

— Ku yunivesite zimenezi amaziwerengera. Mwina andikweza pantchito.

— Ehe. Nyumba yagwa yanga, wokwera ndiwe. Sukulu ndi yabwino ndithu.

— Musatero. Chimene ndaimbira n'choti mayi wina wa bungwe lomanga nyumba waliwerenga. Akubwera mawa kudzaona yekha. Akakhutira, nonse mulowa m'nyumba mvula isanagwe.

— Zimenezo tamva kale, abusa analengeza Lamulungu. Takonzeka. Suti ndasita, mpaka thalauza likucheka chala.

— Nkhani yake ndi imeneyo. Suti ija mawa musavale.

— Halo? Netiweki yayamba kubwebweta.

— Mwandimva bwinobwino, amalume.

— Ndivale chiyani, ukonde?

— Zovala wamba. Zimene mumavala popita ku bwato.

— Pamaso pa mlendo? Mayi wa eni ake wachoka kutali, adzapeze Mtonga ali m'kabudula wong'ambika kumbuyo? Iwe unaleredwa kuti?

— Chaka chatha kunabwera a bungwe lina aja. Munawalandira mutavala suti, tayi, kampango pathumba, mutakhala pakhonde la simenti la a Fredrick.

— Nanga mlendo n'kumulandirira m'tenti? Azikwawa ngati akulowa m'khola la nkhuku?

— Munawapatsanso tiyi wamkaka.

— Mkaka wake mbwee. Anawonjezera kawiri.

— Ndiye anabwerera akunena kuti ku Tukombo anthu ali bwino. Malata anapita mudzi wina.

— Kumeneko amavala zigamba ngakhale pa Khirisimasi. Usatiyerekeze nawo.

— Koma lero akugona pouma. Inu ndi anti mvula ina ikupezaninso m'tenti? Chifuwa chawo chija mwachiiwala?

— Sindinaiwale. Ndimachimva ndine.

— Ndiye tsiku limodzi lokha, amalume.

— Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Tsiku limene madzi analowa, mipando inapita. Bedi linapita. Chithunzi cha amayi ako chinapita ndikuchiona. Ine ndinatuluka madzi ali m'chifuwa, suti ili pamutu. Iwe walemba kuti Bizwick alibe nyumba, mpaka ku Norway adziwa. Sindinakane, n'zoona. Tsopano ukuti ndivulenso chimene nyanja inandisiyira?

— Pepani. Zimandiwawa, amalume. Dzina langa likuyenda m'mabuku, inu mukunyowa.

— Usalire, ukutha mayunitsi.

— Chabwino, valani. Tayi ndi kampango komwe. Koma muime pakhomo pa tenti yanu. Mayiyo alowe, aone pamene mumagona, aone podontha.

— Tenti yake iti?

— Yanuyo.

— Aa. Si ndakuuza kuti anti ako ali nayo kalikiliki? Akuipinda.

— Akuipinda?

— Tinagwirizana pamsonkhano. Matenti aja ada, akuipitsa malo. Tazula onse m'mawa muno, enawo tawalonga kale kuseri kwa tchalitchi, taphimba ndi chiyani paja? Ndi zinsalu zakwaya zakale zija.

— Mayo ine. Ndiye lero mugona kuti?

— M'tchalitchi, pamabenchi. Koma ukanaona mmene payeretsedwera! Azimayi asesa, miyala tapaka laimu, a Jobe abwereka maluwa ku loji ya ku Kande. Sungadziwe kuti panagwapo tsoka.

— Amalume, imvani. Tsikani pachulupo, muitane anthu, mudzutse matenti onse lero lomwe.

— Anthu ali ku kwaya, akuphunzira nyimbo yolandirira mlendo.

— Asiye nyimboyo!

— Ya mawu anayi, iwe. Besi ndine.

— Ndikukwera basi pompano. Ndifika mayiyo asanafike, tidzawadzutsa limodzi.

— Ukubwera? Zikomo kwambiri, wachita bwino. Koma uvale zooneka, mwanawe. Jinzi yako yong'ambika m'mawondo ija uisiye komweko, angaganize kuti ndife ovutika.

— Amalume...

— Ugulenso polishi wakuda pa depoti, nsapato zanga zatuwa. Batire yafiira, upereke moni kwa...

— Halo? Amalume? Halo?