Anati ndinatsirika ampulifaya ya tchalitchi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine Mayi Nangozo, amene ndimakonza mawailesi ndi makanema m'kashopu kanga kufupi ndi Boma la Dedza. Ndikufuna mumve mmene ndinatsala pang'ono kudulidwa mu mpingo chifukwa cha kachitsulo kosaposa batire la tochi. Mundikhululukire, chifukwa ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umawirabe.

M'mwezi wa Juni, chisanu cha kwathu kuno chitafika pachimake, ampulifaya ya tchalitchi chathu inayamba kukhosomola pakati pa ulaliki. Ndinadzipereka kuikonza mwaulere. Loweruka m'mawa ndinaitsekula kutchalitchi komweko, ndinasintha kawaya kamene kanapsa, ndipo nditailumikiza inalira bwinobwino. Posakhalitsa magetsi anathima monga mwa masiku onse. Ndinazula pulagi n'kutuluka kukaothera dzuwa poti zala zinali zitauma, chivundikiro ndisanabwezere. Kulakwa kwanga kuli pamenepo, ndipo sindikukana.

A Kadzuwa, mkulu wa mpingo wosunga katundu, analowa ine nditatuluka. Iwowa sanakhulupirirepo kuti mkazi angadziwe za mawaya, ndiye anafuna kuona ngati sindinazule zitsulo zabwino n'kuikamo zakutha. Anapisa dzanja m'katimo. Ine ndinangomva kuthetheka ndi mfuu, ndipo polowa ndinawapeza ali pansi, chala cha mphete chitapsa.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali ponseponse. Magetsi kunalibe, pulagi inali pansi, nanga chawaluma n'chiyani? Anthu anati ndinatsirika ampulifaya ngati mmene ena amatsirikira munda wa mbatata kuti wakuba aone zakuda. Ine amene ndayimba kwaya zaka zonsezi, ati ndalowetsa mankhwala m'nyumba ya Mulungu. Akulu anandiimitsa mgonero, nati pakatha milungu itatu ndikaonekere pabwalo lawo, ndipo ndikapezeka wolakwa andidula. Ndinayesa kulongosola za kapasita, kachitsulo kosunga magetsi m'kati mwa ampulifaya, koma a Kadzuwa anati ndisabisale m'Chizungu.

Anthu anabwera kudzatenga mawailesi awo osakonza. Amayi a kwaya, omwewo amene ndinkawakonzera mafoni ulere, ankasuntha pabenchi ndikakhala. Chimene chinkandidya kwambiri n'chakuti panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa chimene dzanja la a Kadzuwa linkafuna m'katimo. Pemphero langa masiku amenewo silinali laulemu ayi. Ndinkati, Ambuye, nzeruzi munandipatsa ndinu, ndiye mungokhala chete anthu anu akuzitcha ufiti?

Sabata yachitatu ndinapita ku Boma kukagula mtovu wowotcherera mawaya kwa Che Amidu, Msilamu wogulitsa zipangizo zamagetsi. Anandifunsa chifukwa chake ndasowa, ndipo ndinangokhuthula misozi pakauntala pawo. Atamva zonse anaseka mpaka kutsamwa, nandionetsa chipsera pa chala chawo chachikulu. Anati iwonso kapasita inawaphunzitsa ulemu ali anyamata, ndipo tsiku la mlandu adzatseka shopu kuti abwere.

Anabweradi, atanyamula ampulifaya yatsopano m'katoni yomata, ndi babu lomangirira mawaya awiri. Akulu anayang'anizana, koma abusa anawalola kulankhula. Che Amidu anang'amba katoni pamaso pa onse, namasula chivundikiro, naloza kapasita. Anati m'kati mwake muli timalata tiwiri topyapyala tokulungidwa pamodzi, ndipo pakati pali pepala loti tisakhudzane. Magetsi akalowa amaunjikana mbali imodzi, mbali inayo n'kuperewera, ndiye mbali ziwirizi zimakokana kudutsa pepalalo. Ukazula pulagi kukokanako kumatsala momwemo, kudikira njira yodutsa, kaya ndi waya kaya ndi chala cha munthu.

Tsiku limenelo magetsi analipo, ndipo ine ndimati anawagwira ndi Mulungu. Che Amidu analumikiza ampulifayayo, nazula pulagi, napatsa abusa kuti aigwire m'manja. Kenako anakhudzitsa mawaya a babu ku miyendo ya kapasita. Babu linawala, n'kuzima.

"Abusa," anatero Che Amidu, "iyitu yangotuluka m'katoni, mayiwa sanaikhudze. Nayonso aitsirika nthawi yanji?"

Kenako abusa anatembenukira kwa a Kadzuwa ndi funso limene ndinalidikira milungu itatu, lakuti dzanja lawo linkafunamo chiyani. A Kadzuwa anayang'ana nsapato zawo, ndipo mlandu unathera pomwepo.

Kupepesa sanapepese mpaka lero, ndipo ndinganame nditati sizindiwawa. Koma Lamulungu lotsatira ndinakhala pa mgonero, ndipo wonyamula mbale ya mkate pamzere wathu anali a Kadzuwa omwewo. Anafika pa ine, chipsera chikuonekera pa chala chogwira mbale, ndipo anaima pomwepo mpaka nditatenga.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananyoze pemphero la munthu wokwiya, natuma munthu wa ku mzikiti kudzandibwezera pagome la Ambuye. Babu lija Che Amidu anandisiyira, ndipo sinditulukanso panja ndisanakhetse nalo magetsi otsala mu kapasita. Inu amene mwanamiziridwa ndi anthu opemphera nawo limodzi, musaleke kugwada, ngakhale mawu azituluka owawa. Anga anali owawa, ndipo anamveka.