Misomali ya Bambo M'chitseko cha Tchalitchi

Masiku amenewo, mapiri athu a ku Dowa kuno asanachite dazi, mlombwa sitinkachita kuufunafuna ayi, ndipo bambo anga, amene anaphunzira ukalipentala ku mishoni, ankacheka matabwa padzenje ndi sowo ya anthu awiri, wina pamwamba, wina pansi akudya utuchi. Anali ndi kachitidwe kawo, ana inu: akakhoma msomali ankaumiza mutu n'kumatapo utuchi wosakaniza ndi guluu, chifukwa ankati msomali woonekera ndi manyazi a mmisiri.

Chaka chatha tinagumula tchalitchi chathu chakale, ndipo akulu a mpingo anandipatsa chitseko chimene bambo anapanga kuti ndikhomemo gome la Mgonero. Mlombwa wotere lero mungaupeze kuti? Ndikanaononga thabwa limenelo, ntchito yotsiriza ya manja awo ikanathera mwa ine, koma maso anga anafooka, mzere wa pensulo sindiuonanso.

Mwana wanga Nachisale, amene anaphunzira za makina ku Lilongwe, anabwera ndi magalasi oti ukavala amakuonetsa mizere yowala pathabwa penipenipo, komanso makina a mkono wocheka wokha. Ndinanyoza, musandione kufatsaku, ndinati umenewo ndi ukalipentala wa alesi. Koma nditavala ndinaona mzere umene unandithawa kalekale, ndipo misozi inalengeza.

Nachisale ali pafupi kuyatsa makina, chala changa chinamva kamalo kosalala mosiyana ndi ponse, pamzere pomwepo.

"Taimani kaye, mayi," ndinamuuza mwana wangayo. "Agogo anu ali apa."

Titakanda ndi tchizulo tinapeza msomali, ndi inzake itandanda m'mbali, imene magalasi aja sanaione. Makina akanaigunda, thabwa likanang'aluka. Tinaizula, Nachisale anakonzanso mzere, ndipo mkono uja unacheka mowongoka kuposa mmene ndinkachekera ndili mnyamata, ndivomere ngakhale zikundiwawa. Paja mutu umodzi susenza denga.

Choncho magalasiwo valani, musawaope ngati ine, koma thabwa lakale muziyamba mwalisisita ndi dzanja, pakuti linadutsa kale m'manja mwa munthu. Msomali umodzi tinausiya dala kunsi kwa gomelo. Palibe amauona, koma ine ndikamakonza kutsogolo m'tchalitchi Lamulungu m'mawa ndimapisa dzanja n'kuukhudza, ndiwapatse moni bambo.