Bambo Rafaeli Maluwa, Amene Nkhope za Anthu Zidawathawa

Anamfedwa nonse, amene tikuwaperekeza lero ndi bambo Rafaeli Maluwa, obadwa mu 1938 kwa Likoswe. Sukulu adaphunzira ku mishoni mpaka Sitandade 6. Mu 1964 adakwatira mayi Selestina a ku Milepa, nakakhala chikamwini komweko. Anali kalipentala, ena mwa mabenchi mwakhalirawo adapala ndi iwo.

Mu 1975 adagwa pa lole ku Njuli n'kumenyetsa mutu. Bala lidapola, maso ankaona bwinobwino, koma nkhope za anthu adaleka kuzizindikira. Akazi awo omwe ankawadutsa pamsika ngati mlendo. Tsiku lina adakumana ndi apongozi awo, mayi Idesi, pakanjira ka kudimba. M'malo mopatukira kutchire monga achitira mkamwini waulemu, adawapatsa dzanja n'kuwafunsa kwawo. Akuchikazi adati mwano wafika posauzana, mkamwini alongedze. Banja la ana asanu lidali pafupi kutha.

Chaka chomwecho kuchipatala cha mishoni kudabwera mayi Esnart Chisoni, ofufuza za maganizo a munthu ku yunivesite. Anzawo ankafunsa anthu mazanamazana, koma iwo adasankha kufufuza munthu mmodzi yekha mozama. Ena adawaseka kuti amenewo ndi macheza, si kafukufuku. Mayi Chisoni adapempha ankhoswe kuti adikire mpaka pokolola. Ankawatsatira malemuwa kuntchito ndi kutchalitchi, kuwaonetsa zithunzi, kufunsa ana ndi adokotala amene adasoka bala lija.

Anthu atakolola, mayi Chisoni adaitanitsa ankhoswe nandandalika abale pabwalo, onse ali chete. Bambo Maluwa adawayang'ana mmodzimmodzi, osadziwapo aliyense. Mayi Idesi atangotsokomola, bambowa adaliyatsa liwiro kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Anthu adaseka mpaka misozi, apongozi omwe. Zidadziwika kuti ulemu udalipo. Chimene chidavulala ndi mbali ya ubongo yokumbukira nkhope. Banja lidapulumuka, ndipo pa Milepa tidaphunzira kuyamba ndife kupereka moni.

Zimene mayi Chisoni adapeza adakaphunzitsa nazo ophunzira awo, ndipo malemuwa ankanyada kuti adalowa yunivesite osalemba mayeso. Kutchalitchi adatsogolera kwaya zaka zambiri. Wosokoneza nyimbo ankamutchula dzina asanatembenuke, ambirife tidalawa.

Chaka chino cha 1993 adadwala matenda a mtima, nagonekedwa kuchipatala chomwe chija. Lachiwiri masana mayi Selestina adalowa mwakachetechete kuti asawadzutse. Bambowa adati, "Amake Veronika, nkhope yanu ndidaitaya kalekale, koma mapazi anuwo sanandisokonezepo." Asanafike madzulo adatisiya.

Tili ndi chisoni, komanso tikunyada. Asiya akazi awo, ana aakazi atatu, aamuna awiri, zidzukulu khumi ndi zinayi, mlongo wawo mmodzi, ndi apongozi awo mayi Idesi, amene akhala kutsogoloku kulira mwana wawo.

Kumene apitako akaone nkhope ya Ambuye n'kuizindikira. Apumule mu mtendere.