Mtsuko Wobooka Pansi

Aulutsi, ndine mayi wa ku Lifidzi, kutsidya kwa malire a Malawi, ndipo ndikulemba izi mtima ukuwira.

Mwezi watha ndinakwera shapa, minibasi yakwathu kuno, kupita ku Malawi kukaona mwana wanga. Iye ananditengera ku loja, sitolo ya zoumba, kumene alendo akunja amagula mbiya zokongoletsera m'nyumba. Pakona ndinaona mtsuko wakale, m'khosi muli mizere ya chitsononkho, ndendende mmene ankakongoletsera malemu mayi anga. Nditauzondotsa, pansi panali chiboo.

"Umenewo ndi wodzalamo maluwa, amayi," anatero wogulitsayo akumwetulira.

Maluwa ati? Chiboocho ndinaboola ndine, ndi mwala, tisanauvundikire pamanda a mayi. Kwathu timatero kuti mtsuko ufe ndi mwini wake, wina asadzamwerenso.

Nditabwerera ndinapempha akuluakulu andiperekeze kumanda. Pamtumbira tinapeza udzu wokha.

Tsono iwe amene unalowa m'manda mwathu, ngati ukumvera wailesiyi, undiyankhe. Mayi anga anaumbira mudzi wonse mpaka zala kupindika. Kodi unalephera kuwasiyira umodzi wokha, wobooka kale?