Mawu a Khamiso Mallah Potsegulira Bwato Loonera Mbalame pa Manchar

Mtendere ukhale nanu nonse.

Olemekezeka wapampando wa mwambo uno, olemekezeka bwana ochokera ku ofesi yosamalira nyama zakutchire, olemekezeka imamu wa mzikiti wathu, olemekezeka aphunzitsi athu mayi Shahnaz Memon amene mwachokera kutali ku Hyderabad, akuluakulu a m'mabwato, amayi amene mwakhala kuseri kwa nsalu uko, ndi inu ana athu amene mwamaliza maphunziro lero. Ngati pali amene ndamudumpha andikhululukire, nkhawa imeneyi yandidya kuyambira tsiku limene anandiuza kuti ndidzayankhula.

Ndiyambe ndi kupepesa. Pepala ili ndalemba ndekha, ndipo sukulu sindinapite nayo patali. Zilembo zanga n'zokhotakhota, mawu ena ndalemba molakwika. Mukaona ndaima pakati musaganize kuti ndagwidwa ndi chisoni, ndiye kuti dzanja langa lomwe landikanika kuwerenga.

Bwato limene lapakidwa utoto apolo ndinabadwiramo ine, ndipo ana anga onse anabadwira momwemo. Kale nyanja ya Manchar inkatidyetsa. Madzi atayamba kuwawa nsomba zinachepa, anthu anayamba kuchoka, ana anga awiri ali ku Karachi kumene amasenza njerwa. Wotsala ndi Soomar yekha, ndipo chaka chatha nayenso anandiuza kuti, "Baba, ndidikire chiyani pano? Nsomba zafa, ndidikire maliro anga?"

Masiku omwewo ndi pamene mayi Shahnaz anafika ndi zithunzi komanso magalasi oonera kutali. Anati anthu a m'tauni amafuna kuona mbalame zikuluzikulu zimene zimatera kuno nyengo yozizira, koma pamafunika owaperekeza odziwa kuzitchula m'Chiurdu ndi m'Chingerezi, pakuti Chisindhi chathu ambiri sachimva. Ine ndinada nkhawa. Munthu ayende ulendo wonsewo kudzangoyang'ana mbalame, osadya n'komwe? Koma Soomar anavomera kuyesa, ndipo ndinapereka bwato langa kuti likhale kalasi.

Kuyambira pamenepo m'banja mwathu munalibenso mtendere, Soomar ankangoloweza mayina a mbalame. Dokowe pa Chiurdu ndi laklak, pa Chingerezi stork. Vuwo ndi hawasil, pa Chingerezi pelican. Kakowa ndi bagla. Pokoka ukonde mayina, pomwa tiyi mayina, mpaka mkazi wake Wazeeran anamuuza kuti, "Kale pakamwa pako pankatuluka dzina langa, lero ndi laklak basi. Chapati akuphikire ndi yemweyo."

Kenako linafika tsiku loyesa. Aphunzitsi anabweretsa alendo oyamba, mayi wina dokotala ndi amuna awo. Wopalasa anali mng'ono wanga Juman, uyo akubisa nkhope kumbuyoko. Tili pakati pa bango, mayi aja anaona gulu la adokowe nati, "Koma kukongola. Ndikanakonda n'taona mmodzi pafupi."

Inu ochokera kutauni, kwathu kuno mlendo akayamikira chinthu cha pamadzi ako, sabwerera chimanjamanja. Tilinso ndi chipewa chimene makolo anatisiyira, cha nthenga ndi mutu wa kakowa. Munthu amachivala n'kumira mpaka m'khosi, mbalame zimangoona ngati mnzawo akubwera, iye n'kuzigwira miyendo pansi pamadzi. Ife tikumvetsera Soomar akutchula mayina, Juman anali atatsika kale. Posakhalitsa anatulukira pambali pa bwato, madzi ali chuchuchu, dokowe ali m'khwapa, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Adi, mlongo wanga, tikuwotchereni kapena tiphike ndi mpunga?"

Mukuseka lero, koma tsikulo palibe anaseka. Mayi aja anaphimba nkhope, amuna awo anati bwato libwerere kumtunda. Ine m'maganizo ndinamuona mwana wanga ali ku Karachi njerwa zili pamutu.

Soomar analandira mbalame ija m'manja mwa Juman. Anayankhula ndi mayi aja m'Chiurdu chake chatsopano, modekha, kuti mbalameyo ndi yamoyo, sinapweteke, ayang'ane diso lake ndi mlomo wake asanaimasule. Anayang'ana, anakhudza phiko, mbalame inauluka. Kenako anatembenukira kwa Juman, bambo ake aang'ono, m'chiyankhulo chathu.

"Chacha, mbalame imeneyi mukaidya lero yatha lero. Ikatsala apo, mawa itiitanira alendo ena."

"Ndiye alendo akowa amakhuta ndi maso?" anatero Juman.

"Amakhuta, ndipo amabweranso."

"Bola usandiitane pa chakudya chimenecho."

Soomar anabwereka chipewa chija, anamangirira foni ya mayi aja pamwamba pake, n'kulowa m'madzi. Ine mtima unali m'mwamba kuopa kuti foni ya eni igwera m'matope. Koma anafika pakati penipeni pa adokowe, ndipo zimene foni inajambula mayi aja anakazionetsa kwa anzawo. Ena mwa inu mwabwera lero chifukwa cha zithunzi zimenezo.

Choncho ndikuthokoza aphunzitsi amene sanatitaye tsiku lija, ndikuthokoza amene munalemba mayina a mbalame m'mbali mwa bwatoli, ndikuthokoza amayi amene munalola ana aakazi kuti aphunzire limodzi ndi alongo awo. Inu amene mwamaliza maphunziro, mlendo akafunsa dzina limene mwaiwala, nenani kuti mwaiwala, musapeke. Musaiwalenso mayina athu a Chisindhi, muziwatchula nawo. Ndipo chonde alendo asamaunjikane mbali imodzi, bwatoli ndi lokalamba.

Zimene sizinathe ndizinene poyera. Madzi akadali owawa, ndipo sitikudziwa ngati mbalame zidzabwere zambiri chaka chamawa. Juman sanalonjeze chilichonse, wangonena kuti aganiza. Soomar wandiuza kuti akhala mpaka mbalame zitabwerera kwawo kukayamba kutentha, za pambuyo pake sananene. Koma lero ali pano, ndipo ndi iye amene akupalaseni.

M'dzina la Mulungu, ndikulengeza kuti bwato loonera mbalame la pa Manchar latsegulidwa. Kwerani mmodzimmodzi.

Zikomo kwambiri.