Tsiku Limene Pompi Yathu Inatulutsa Madzi Abuluu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mukuwerenga umboni uno. Dzina langa ndine Tikambenji. Ndimachita manyazi kuyankhula pagulu, nchifukwa chake ndangolemba. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda otsegula m'mimba amene anasautsa nyumba yathu ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, ndi mmene Mulungu anationetsera kumene matendawo ankachokera.

Ndinabwera ku Kafue kuchokera kumudzi kwathu ku Katete nditamaliza pulayimale. Azakhali anga anandiitana kuti ndiziwalerera mwana wawo wamng'ono, Dalitso, ndipo analonjeza kundipititsa ku sekondale. Zinali zaka zija makampani ankagulitsidwa ndipo anthu ambiri ankachotsedwa ntchito. Amuna awo a azakhali, amene ndimawatchula kuti amalume, nawonso anachotsedwa ku fakitale. Iwo sanakhale pansi. Analima repu ndi tomato kuseri kwa nyumba, ndipo ankaviika manyowa a nkhuku m'dilamu la madzi kuti azithirira dimbalo.

Madzi a pompi ankabwera ndi kupita osatsanzika. Choncho amalume ankalumikiza paipi ya labala ku pompi ya panja, n'kumiza mbali inayo pansi penipeni pa dilamu, n'kusiya pompiyo yotsegula kuti madzi akabwera dilamu lidzadze lokha. Anansi athu ambiri ankachitanso chimodzimodzi, ndipo palibe ankaona cholakwa.

Kenaka Dalitso anayamba kudwala. Ankachira, patapita masiku ochepa n'kuyambiranso, mpaka maso analowa m'kati. Ku kiliniki namwino anafunsa kuti amamukonzera chakudya ndani, ndipo onse anayang'ana ine. Azakhali si munthu wankhanza, koma mantha anali atawagwira. Anandiuza kuti, "Tika, kapena ukhondo wa m'tauni wakukanga. Uyu mwana akadwalanso, uzabwelela kumunzi."

Ndinkatsuka mbale ndi phulusa kawirikawiri, ndinkasamba m'manja mpaka khungu kuuma. Madzi okha sindinkawakayikira. Kwathu madzi a pachitsime tinkasefa ndi kansalu, koma a pompi ndinkati ndi oyera kale. Ndinkalirira Dalitso, ndinkaliriranso sukulu yanga. Tsiku lina ndikuchapa matewera ndinagwada pomwepo n'kupemphera kuti, "Ambuye, ngati litsiro lili m'manja mwanga, ndionetseni. Ngati lili kwina, lionetseni poyera kuti tonse tilione."

Sabata lomwelo mlongo wina wa kutchalitchi anabwera kudzaphunzitsa azakhali kunyika nsalu mu utoto kuti azikagulitsa kumsika. Anatulutsa paipi ija m'dilamu n'kuimiza m'beseni la utoto wabuluu. Ali mkati mwa ntchito madzi anapita, iwo n'kusiya zonse mmene zinalili. Madzi atabweranso masana, ndinatsegula pompi ya m'khitchini kuti ndiphikire Dalitso phala. Abale, kapu yanga inadzaza madzi abuluu!

Ndinakuwa, ine amene sindikuwa. Amalume anathamangira m'nyumba, anayang'ana kapuyo n'kuseka. "Manje na pompi yayamba bizinesi ya utoto?" Koma kuseka kunawathera pakamwa, chifukwa beseni la panja linali litatsala ndi utoto theka.

Anaitana a Mwanza, m'bale wa kutchalitchi amene ankakonza mapaipi ku fakitale asanachotsedwe. Iwo anafotokoza kuti madzi akapita, mapaipi amakoka chilichonse chimene paipi ya labala yamizidwamo, ndipo madzi akabweranso zonsezo zimatulukira m'mapompi a m'nyumba. Amalume anatembenuka n'kuyang'ana dilamu la manyowa. Anagwira kumutu n'kukhala pansi. Utoto tinauona chifukwa uli ndi mtundu, koma madzi a manyowa tinkamwa osadziwa.

A Mwanza anafupikitsa paipiyo kuti izilendewera pamwamba pa dilamu osakhudza madzi, anaika kachitsulo koletsa madzi kubwerera, ndipo tinatsegula mapompi onse mpaka madzi anayera. Sanalandire kanthu koma mtolo wa repu. Amalume anayenda nyumba ndi nyumba ndi kapu ija kuonetsa anansi, ndipo mapaipi ambiri anatulutsidwa m'madilamu tsiku lomwelo.

Dalitso anamaliza mankhwala ake ndipo sanadwalenso matenda aja. Masaya anabwerera, ndipo masiku ano nshima amalimbirana ndi bambo ake. Azakhali anandigwira manja anga ouma aja n'kunena kuti, "Mwana wanga, unikhululukile." Nsalu yoyamba ya m'beseni lija sanagulitse. Anandisokera diresi, ndipo ndi limene ndinavala tsiku lokalembetsa ku sekondale.

Ndikuthokoza Yehova amene anamva pemphero la mtsikana wakumudzi pakati pa matewera. Inu amene mukunenezedwa pa chinthu chimene simunachite, musaleke kupemphera. Chimene chikukusautsani mwina sichioneka lero, koma Mulungu amadziwa kuchipaka utoto. Ndipo mukatha kunena Ameni, chonde tulukani mukaone ngati paipi yanu sinamire m'dilamu. Ambuye akudalitseni nonse.